Mlamu wanga anathawa ku Morrumbala ndipo ali pakhomo panga: thandizo tilipeze kuti?

"Ndine mayi wa kwa Tengani ku Nsanje. Kumapeto kwa 2024, zipolowe zitavuta ku Mozambique, mlamu wanga anawoloka Shire pabwato usiku ndi ana atatu kuchokera ku Morrumbala. Anasiyana ndi amuna ake pothawa, mpaka lero sitinamve za iwo. Anzake atapita ku Nyamithuthu iye tinamusunga pakhomo poopa kuti akamubweza, ndipo sanalembetse paliponse. Pano chakudya chikutivuta. Mwana wamng'ono akutupa mapazi, awiri enawo sali pasukulu. Mlamuyo amamwa ma ARV, koma ake anatha, akungogawana ndi mnzake wa m'mudzi muno. Pali bambo wina akuti tikamupatsa ndalama atipezera chitupa cha unzika kuti mlamu alowe mu Mtukula Pakhomo. Kodi tivomere? Nanga ife omusungafe tingamangidwe?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale pansi. Munachita bwino kutsegula chitseko usiku umenewo. Kuno kuchigwa Shire ndi malire a boma chabe, ife tonse tikudziwa kuti maliro a tsidya lija timakaika ndife, nawonso a kuno amadzaika ndi iwo. Ndagwira ntchito yosamalira anthu m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa zaka zambiri, ndipo banja lomwe lavutitsidwa chifukwa chopita lokha kukanena kuti tili ndi m'bale wothawa kwawo sindinalionepo. Amene ndawaona akulira ndi obisa, komanso ogula mapepala achinyengo. Koma tisanafike ku nkhani ya mapepala, pali zinthu ziwiri m'kalata mwanu zosafunika kuchedwa nazo.

Choyamba ndi mwanayo. Dinikizani chala pamwamba pa mapazi ake onse awiri, muwerenge mpaka katatu, kenako chotsani. Pakatsala kadzenje mbali zonse, kumeneko ndi kutupa kwa kunyentchera, ndipo mwana wotere akhoza kutisiya m'masiku ochepa ngakhale akuoneka wonenepa. Si tsempho, musataye nthawi kufufuza amene analakwa. Mutengereni kuchipatala cha boma chapafupi kapena kusikelo. Akamuyeza ndi kalamba kaja pamkono, ndipo akapezeka kuti wanyentchera amupatsa chiponde, kapena amutumiza kuchipatala chachikulu cha Nsanje ngati akukana kudya kapena ali ndi matenda ena. Chiponde chimenecho ndi mankhwala a mwana mmodziyo. Ndikudziwa kuti pakhomo pa njala kumapweteka kuona ana ena akuyang'ana, koma mukachigawa, wodwalayo sachira.

Chachiwiri ndi ma ARV. Kugawana botolo limodzi anthu awiri kukupha onse awiri pang'onopang'ono, chifukwa aliyense akumwa modukizadukiza, ndipo kachilombo kakazolowera mankhwala, amene ankagwira ntchito aja amasiya. Mlamu wanu apite kumene amaperekera mankhwalawa, anene zoona zokhazokha: kumene ankalandirira, tsiku limene ake anatha, ndi mmene wakhala akumwera. Ngati ali ndi khadi la ku Mozambique kapena botolo lakale, atenge, ngakhale zolembedwazo zili m'Chipwitikizi. Ngati alibe, amuyezanso n'kumutsegulira kaundula watsopano. Zipatala za m'malire muno zakhala zikuthandiza anthu a tsidya lija kuyambira kalekale, ndipo kuchipatala cha boma salipiritsa, kupatula kabuku ka kuchipatala kamene mumagula. Zipatala za mishoni monga Kalemba ku Bangula ndi Trinity ku Muona zimalipiritsa zambiri mwa ntchito zake, choncho funsani kaye musanakwere kabaza.

Tsopano bambo wa chitupayo. Musamupatse ngakhale tambala. Chitupa cha unzika amapereka ndi a NRB okha, ofesi ya boma yolemba anthu m'kaundula wa dziko, ndipo kuyambira kalembera wamkulu wa 2017 amajambula nkhope ndi kudinda zala, zonse n'kulowa mu kompyuta. Munthuyo angakubweretsereni kakhadi kabodza, kapena angauze mlamu wanu kuti akaname kuti anabadwira kwa Tengani, mfumu ndi mboni n'kusainira bodzalo. Njira ziwiri zonsezi ndi mlandu, ndipo yachiwiriyo imakokera m'dzenje mfumu yanu ndi amuna anu omwe. Ndinaonapo mayi wina amene anagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa cha khadi lotere. Tsiku logawa chimanga dzina lake silinapezeke m'kaundula, khadi linalandidwa pamaso pa anthu, wogulitsayo anali atasowa. Chondiwawa kwambiri n'choti mayiyo anali ndi nkhani yomveka yoti akanatha kupempha nayo chitetezo, koma munthu amene wagwidwa ndi bodza limodzi savuta kumukayikira pa zonse.

Komanso dziwani kuti ngakhale chitupa chenicheni sichilowetsa munthu mu Mtukula Pakhomo. Pologalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imasankha mabanja ochepa okha, osaukitsitsa ndiponso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye. Mayina amachokera m'kalembera wa mabanja amene boma limachita, osati munthu kungofika ndi khadi. Amalawi ambirimbiri a zitupa zawo sali m'menemo. Amene akukulonjezani zimenezi akugulitsani mphepo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndiye ndifotokoze mofatsa. Thandizo limene lilipo lili mitundu iwiri. Lina limayang'ana kuti ndiwe nzika: Mtukula Pakhomo, feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, kuvota, kukhala mwini malo. Lina limayang'ana kuti ndiwe munthu ndipo uli pamavuto: chipatala, katemera wa ana, chitetezo cha apolisi, kupulumutsidwa madzi akasefukira. Mtundu wachiwiriwu mlamu wanu akhoza kuupeza lero lomwe. Pakati pa ziwirizi pali thandizo la othawa kwawo, loperekedwa ndi boma pamodzi ndi UNHCR (bungwe loona za othawa kwawo), WFP (bungwe loona za chakudya) ndi mabungwe ena, ndipo khomo lake ndi limodzi basi: kulembetsa. Amene sali m'kaundula, kwa ogawa chakudya ndiye kuti kulibe. Galimoto ya thandizo imabwera ndi matumba owerengeka molingana ndi mayina.

Musanapite kukalembetsa, khalani pansi ndi mlamu wanu ndi akuluakulu a kubanja, mufunse funso ili: makolo ake ndani? Ndikufunsa chifukwa cha mbiri ya chigwa chino. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, Malawi analandira anthu a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni, ndipo Nsanje inali pakati penipeni pa chikhamucho. Amene tinalipo tikukumbukira Mankhokwe ndi Nyamithuthu yemweyo, timisasa ta udzu mpaka kumene maso alekezera, mizere ya amayi ndi zidebe pamjigo m'bandakucha. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera, koma maukwati anali atachitika kale, ndipo ana ambiri anapita tsidya lija ali ndi bambo kapena mayi Mmalawi. Unzika wa Malawi umayenda ndi magazi. Kubadwira m'dziko muno pakokha sikupanga munthu kukhala nzika, koma ngati mmodzi mwa makolo a mlamu wanu anali Mmalawi, ali ndi njira yoongoka yoti nkhani yake ikaunikidwe ndi a NRB ndi a Immigration, ndi mboni zenizeni za kumudzi kwa kholo lakelo. Ngati zili choncho, bambo wa chitupa uja amafuna kukugulitsani mwachinyengo chinthu chimene mwina mukanachipeza poyera.

Ngati makolo onse ndi a ku Mozambique, njira ndi iyi. Yambani kwa nyakwawa, amene ndikhulupirira akudziwa kale kuti pakhomo panu pali alendo, chifukwa m'mudzi simubisika munthu. Apereke kalata yonena tsiku limene anafika, chiwerengero cha ana ndi kumene akukhala, gulupu adindepo. Ndi kalata imeneyo pitani kuboma, ku ofesi ya bwanamkubwa, mufunse ofesi ya zosamalira anthu. Iwo ndi amene amalumikizana ndi a Immigration, apolisi ndi nthambi ya boma yoona za othawa kwawo, imene ili pansi pa unduna wa zachitetezo cha m'dziko. Mlamu wanu anene yekha ndi pakamwa pake kuti akupempha chitetezo, ndipo alankhule m'Chisena ngati ndi chimene amamasuka nacho. Kulembetsa n'kwaulere. Wina akakupemphani ya fanta kuti dzina lilowe, kanani ndipo mukanene kwa mkulu wake.

Mantha anu oti akamubweza ndikuwamvetsa. Malawi ali ndi lamulo la othawa kwawo la 1989, ndipo anavomereza pangano la dziko lonse la 1951 komanso la maiko a mu Africa la 1969. Msana wa mapangano amenewa ndi woti munthu sabwezedwa mokakamiza kumene moyo wake uli pachiswe, ndiponso salangidwa chifukwa cholowa popanda pasipoti ngati anali kuthawa n'kudzionetsera kwa aboma mosachedwa. Mawu oti mosachedwawo ndi amene akukulumani inuyo, sindikubisirani. Adzafunsa kuti nthawi yonseyi munali kuti. Yankho lake ndi choonadi chomwe mwandilembera: mantha, kusadziwa, ana aang'ono, mwamuna wosowa. Musakometsere nkhani, musawonjezere mfuti pamene panalibe mfuti. Ofunsawo amva nkhani zambiri, ndipo amafunsa chinthu chimodzi kawiri katatu mosiyanasiyana.

Ndikuuzeninso china chimene ena sangakuuzeni. Anthu aja anawoloka mwaunyinji zotsatira za chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 zitatsimikizidwa mu Disembala, analandiridwa monga gulu, ndipo ambiri anabwerera kwawo mu 2025 zinthu zitayamba kuzizira. Amene akubwera kudzalembetsa pambuyo pake nkhani yake imaunikidwa payekha, ndipo funso limakhala loti lero akuopa chiyani akabwerera. Ngati amuna ake ankasakidwa, ngati nyumba yawo inatenthedwa chifukwa cha chipani, ngati pali amene anamuopseza, anene zonse. Ngati chimene chikumuletsa ndi njala ndi kusowa pogwira, umenewo ndi ululu weniweni, koma pa lamulo si chifukwa chopatsira munthu chitetezo cha wothawa kwawo. Akakanidwa pali mpata wochita apilo, ndipo pamenepo ndi pofunika kuonana ndi a Legal Aid Bureau, amene amathandiza osauka pa milandu, kapena kudandaula ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, ngati mwaona kuti sanamumvetsere bwino.

Nanga akavomerezedwa? Apa mpofunika kuganiza mozama, chifukwa thandizo limeneli lili ndi chingwe chake. Malawi povomereza pangano la 1951 anakana mfundo zina, makamaka za ufulu wokhala paliponse ndi wolembedwa ntchito. Ndondomeko ya boma ndi yoti othawa kwawo azikhala kukampu. Kampu yokhazikika ndi Dzaleka ku Dowa, imene inatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende. Inakonzedwera anthu 10,000 kapena kupitirirako pang'ono, koma lero muli opitirira 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma linalamula onse okhala m'matauni ndi m'midzi kuti abwerere kumeneko, ndipo apolisi anawasamutsadi. Kukampu kuli chipatala, sukulu, madzi ndi thandizo la chakudya la mwezi ndi mwezi la WFP, koma thandizolo lakhala likudulidwa chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, ndipo silifika kumapeto kwa mwezi. Anthu a ku Mozambique nthawi zambiri boma lawasunga padera kufupi ndi kwawo, monga linachitira ku Luwani m'boma la Neno mu 2016 ndi ku Nyamithuthu mu 2025. Choncho funsani molunjika tsiku lolembetsalo: akavomerezedwa akakhala kuti, ndipo pali mpata woti akhalebe ndi abale? Kwa mayi wolankhula Chisena, wodwala, wa ana atatu, kuzizira kwa ku Dowa pakati pa anthu olankhula Chiswahili si chinthu chopepuka, ndipo ine sindingamukankhire kumeneko asanamve zonse.

Njira ina ndi kubwerera mwa kufuna kwake, mwadongosolo, osati kuzemba usiku monga anabwerera. Aboma akhoza kumulumikiza ndi anzawo a tsidya lija kudzera pachipata cha Marka, ndipo Mozambique ili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe ndi ina ku Blantyre kumene angathandizidwe za mapepala ake. Akakhala ndi mapepala a kwawo, kubwera kudzacheza kapena kudzalandira thandizo la abale kumakhala kosavuta. Akasankha zimenezi asanyamuke wopanda kalata ya kuchipatala yomusamutsa ndi mankhwala okwanira poyambira. Chisankhocho n'chake, amayi. Inu ndi amuna anu mumuthandize kuganiza, musamugamulire.

Za ana asukuluwo musadikire kuti mapepala atheke. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo aphunzitsi aakulu a m'malire muno anazolowera kulandira ana a tsidya lija. Pitani ndi kalata ya mfumu ija. Adzawayesa kuti aone kalasi yowayenera, ndipo mwina adzawabweza m'mbuyo chifukwa kwawo ankaphunzira m'Chipwitikizi. Zimawawa mwana wamkulu kukhala pansi ndi ana aang'ono, koma amathamanga msanga, poti Chisena ndi Chimang'anja akuzimva kale. Sukulu zambiri kuno zimaphika phala, ndipo kapu imodzi ija imapepuza mphika wa pakhomo. Mphunzitsi wamkulu akakana, pitani kwa mlangizi wa sukulu za m'dera lanu kapena kwa wogwira ntchito yoteteza ana wa kwa T/A. Vuto la mapepala limadzaonekera polembetsa mayeso a Sitandade 8, n'chifukwa chake nkhani yolembetsa isagone.

Ngati mmodzi mwa anawo ndi mtsikana wosinkhuka, tsegulani maso. Pakhomo pakakhala njala ndi mlendo wopanda mapepala, amabwera anthu okoma pakamwa: wina akufuna kamtsikana kokagwira ntchito ya m'nyumba ku Blantyre, wina akuti akwatire kuti achepetse pakamwa podya. Malamulo a dziko lino amaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo amateteza mwana aliyense amene ali m'dziko muno, wobadwira ku Morrumbala ndi wobadwira kwa Tengani chimodzimodzi. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo mlamu wanu akachitiridwa chipongwe ndi wina aliyense, kusowa chitupa sikumulanda ufulu wokadandaula. Ochita nkhanza amadalira mantha omwewo.

Za amuna ake, pitani kwa a Red Cross. Ali ndi ntchito yofufuza abale otayana pa nkhondo ndi pa ngozi, ndipo amagwirizana ndi anzawo a ku Mozambique. Adzafuna dzina lonse monga limalembedwera kwawo, mayina a makolo, mudzi, tsiku ndi malo amene anasiyanirana, ndi chithunzi ngati chilipo. Salipiritsa. Zimatenga nthawi ndipo yankho silikhala lokoma nthawi zonse, koma ndaonapo mayi akulandira foni patatha miyezi yambiri, atameta kale m'mutu kuti mwamuna anafa. Uzaninso abusa kapena ansembe, chifukwa mipingo ya mbali ziwirizi imayenderana, ndipo uthenga wolengezedwa m'tchalitchi umafika kumene kalata sifika.

Ndisaiwale inuyo, chifukwa nkhokwe imene ikutha ndi yanu. Banja lanu ndi la Amalawi ndipo lili ndi ufulu wonse wa nzika. Nyengo ya njala ikafika, boma kudzera ku DoDMA, nthambi yake yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limagawa chimanga kapena ndalama, ndipo mayina amachokera ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, imene ambiri timaitchulabe kuti VCPC. Komitiyo idziwe kuti pakhomo panu pawonjezeka anthu anayi. Apa ndi pamene kubisa kumakupwetekani nokha: mukamanena kuti muli asanu pomwe mukudya asanu ndi anayi, amakuonani ngati muli bwinoko kuposa anzanu. Ngati kwanuko kuli ntchito za m'mudzi zolipidwa ndi boma, zokumba migula kapena kubzala mitengo, amuna anu kapena inu lembetsani. Ndipo madzi akadzabwera, monga anachitira mu 2015, pa namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023, bwato lopulumutsa silifunsa chitupa, koma pogawa zinthu kumsasa amawerenga mayina amene komiti inalemba kale.

Pemphaninso mfumu ngati ingabwereke mlamu wanu kachigawo ka dimba. Kugula malo sangathe, ndipo wina asakunamizeni kuti amugulitsa, koma kubwerekana dimba ndi mwambo wathu wakale. Mbatata ndi nyemba za m'chinyontho cha Shire madzi akaphwa zimasintha zinthu pakhomo, ndipo munthu amene akubweretsa dengu lake amadya momasuka. Ndaona maubale abwino akusweka m'chaka chachiwiri, osati chifukwa cha nkhanza, koma kutopa: mwini nyumba wayamba kuwerenga mitanda ya nsima, mlendo wayamba kudya mwamanyazi. Kambiranani poyera za ganyu, za nkhuni, za ndalama ya kuchigayo, mawu asanayambe kutuluka okha.

Ndiye mawa m'mawa berekani mwanayo, mlamu atenge botolo lake lakale, mupite kuchipatala nonse awiri. Pobwerera dzerani kwa nyakwawa mupemphe kalata. Tsiku lopita kuboma nyamulani kalatayo, timabuku ta kuchipatala, ndi kapepala kalikonse ka ku Mozambique kamene kanapulumuka pabwato paja, kaya ndi khadi lovotera, la ubatizo kapena la katemera wa ana, mukulunge mu pulasitiki. Nyamukani kusanatenthe, mupite ndi amuna anu kapena munthu wina wodziwa kulemba, ndipo m'kope alembe dzina la ofesi iliyonse imene mwalowa, tsiku lake, ndi zimene akuuzani. Akakuuzani kuti mubwerenso, funsani tsiku lenileni ndi khomo loti mudzagogode. Pakatha milungu iwiri kuli zii, bwererani ndi kope lomwelo, ndipo mundilemberenso mundiuze pamene zaima.